Kamera Ikamathima Kukangoda, Yambani Mwakayikira Adaputala

Masana onse kamera yachitetezo imagwira ntchito bwinobwino. Chithunzi chili mbee, mitundu ikuoneka, pa foni chikubwera mosachedwa. Koma dzuwa likangolowa mumamva kaphokoso mkati mwake kakuti "tcha", chithunzi chimasanduka chakuda ndi choyera kwa masekondi awiri kapena atatu, kenako zii. Pakatha mphindi imodzi yayakanso, yathimanso, n'kumangotero mpaka mbandakucha. Kukacha ili bwino ngati kuti usiku sikunachitike kanthu. Mukatsegula DVR, bokosi losunga mavidiyo a kamera, kuti muone zimene zajambulidwa, zamasana zonse zilipo, koma zausiku, zomwe munaigulira kamerayo, ndi zidutswazidutswa.

Ambiri akaona zimenezi amati kamera yafa, n'kukagula ina. Yatsopanoyo ikamangidwa pamalo omwewo, pa waya yemweyo ndi adaputala yomweyo, nayonso imayamba matenda omwe aja. Apo mpamene munthu amazindikira kuti wachotsa chinthu chosalakwa. Ine ndikakumana ndi vuto lotere sindiyamba ndakhudza kamera. Ndimayamba ndafunsa kuti moto wake ukuchokera kuti, ukudutsa mu waya wotani, ndipo pofika ku kamerako ukumakhala wochuluka bwanji.

Pulagi kulowa si umboni

Kamera yoyamba imene inandipsera m'manja inapsa chifukwa cha pulagi yolowa bwino. Adaputala yake inali itasowa, ndiye m'bokosi la mawaya akale ndinapezamo ina yakuda, yooneka yolimba, kamutu kake kozungulira kofanana ndendende ndi kabowo ka kamera. Ndinalowetsa, kanakhala gwa. Ndisanachotse n'komwe dzanja ndinamva kuti "thu", n'kubwera kafungo ka pulasitiki wopserera. Nditatembenuza adaputalayo ndinapeza kuti inali ya laputopu, yotulutsa 19V. Kamera inkafuna 12V. Manambala onse awiri anali olembedwa poonekera, limodzi pa adaputala, lina pakapepala kapansi pa kamera, koma ndinakhulupirira pulagi.

Timitu tozungulira timeneti sanatigawe potengera mavolti. Kamutu kamodzimodzi, ka mamilimita 5.5 kunja kwake, mukapeza pa adaputala ya 5V, ya 9V, ya 12V, ya 19V ngakhale ya 24V. Palibe chimene chingakuletseni kulowetsa yolakwika. Choncho pulagi isabwere koyamba m'maganizo mwanu. Yambani ndi zolembedwa.

Zimene zalembedwa pa adaputala ndi pa kamera

Tengani adaputala, muiyang'ane kumsana kwake pamalo owala. Pali mizere iwiri yofunika. Wina umayamba ndi mawu akuti Input, ndipo ukunena za magetsi amene adaputala imalandira kuchokera pa soketi. Zambiri za masiku ano zimalembedwa 100–240V, 50/60Hz, kutanthauza kuti zimagwira pafupifupi paliponse. Koma ilipo ina yolembedwa 110V kapena 120V yokha, ndipo imeneyo mukailowetsa pa magetsi a 230V imapsa nthawi yomweyo. Mzere wachiwiri umayamba ndi Output. Umenewu ndi umene muyenera kuufananitsa ndi zimene zalembedwa pa kamera kapena m'kabuku kake.

Mavolti ayenera kufanana. Apa palibe zokambirana. Makamera ambiri achitetezo amafuna 12V, ang'onoang'ono a Wi-Fi a m'nyumba nthawi zambiri amafuna 5V, ndipo ena akuluakulu ozungulira okha, amene amatchedwa PTZ, amafuna 24V. Opanga amalemba malire a kamera iliyonse. Ikalembedwa 12V ±10%, ndiye kuti imapirira kuyambira 10.8V mpaka 13.2V. Ikalembedwa ±25%, imapirira kuyambira 9V mpaka 15V. Nambala imeneyi isungeni, muifuna tikafika pa nkhani ya waya.

Kenako onani ngati ndi DC, moto woyenda mbali imodzi ngati wa batire, kapena AC, wosinthasintha mbali ngati wa pa soketi. DC imasonyezedwa ndi mzere wowongoka wokhala ndi timizere toduladula pansi pake, pamene AC ndi kamzere kopindika ngati njoka. Adaputala yolembedwa 12V yokhala ndi kanjoka kaja si ya kamera ya 12V DC, ngakhale nambala ikufanana. Makamera a PTZ a 24V ambiri ndi a AC, ndiye samalani kwambiri pamenepo.

Chachitatu ndi kajambula kakang'ono kamene anthu ambiri sadziwa ntchito yake: kadontho pakati, kachigawo ka bwalo kokazungulira, chizindikiro cha + mbali ina ndi cha − mbali inayo. Kakunena kuti moto wa + uli pati. Mzere wochokera pa kadontho kapakati ukapita ku +, ndiye kuti + ili mkati mwa pulagi ndipo − ili kunja. Umu ndi mmene makamera achitetezo pafupifupi onse amafunira. Koma zilipo zida zina, makamaka tizida toyimbira gitala ta 9V, zimene zimakhala motembenuza. Makamera ena ali ndi chitetezo moti mukatembenuza amangokhala osayaka, ena alibe ndipo amapsa. Simungadziwe kuti yanu ndi ya gulu liti mpaka mutayesa, ndipo si chinthu choyesa.

Pa maampu mpamene anthu amasokonekera kwambiri, ndipo amasokonekera mbali yolakwika. Ndamvapo anthu akukana adaputala ya 12V 5A poopa kuti iwotcha kamera yofuna 1A, n'kusankha ya 0.5A poganiza kuti ndiyo yofatsa. N'zosiyana ndi zimenezo. Mavolti adaputala imachita kukankha, kamera ifune isafune. Maampu kamera imatunga yokha mmene ikufunira, ngati munthu wotunga madzi pachitsime: kukula kwa chitsime sikumumiza, koma chitsime chikachepa madzi ndowa sidzadza. Nambala ya maampu pa adaputala ikungonena malire a zimene ingapereke. Iyenera kufanana ndi ya kamera kapena kuiposa, ndipo ine ndimakonda iziposa ndithu.

Makamera ena salemba maampu, amalemba mawati. Masamu ake ndi osavuta: mawati agaweni ndi mavolti. Kamera yolembedwa 9W pa 12V imatunga 0.75A. Onetsetsani kuti mwatenga nambala yolembedwa Max, osati ya nthawi wamba.

Tsopano mukhoza kuyang'ana pulagi. Timitu tiwiri tofala timafanana kunja, tonse ndi mamilimita 5.5, koma kabowo kamkati kena ndi 2.1 kena 2.5. Makamera ambiri amagwiritsa ntchito ka 2.1. Pulagi ya 2.1 siilowa ngati kamsomali kamene kali pakati pa kabowo ka kamera ndi ka 2.5, ndiye mumadziwiratu. Yovuta ndi pulagi ya 2.5 pa kamsomali ka 2.1: imalowa bwino koma mkati ili khwekhwerere, moti mphepo ikagwedeza waya kamera imathima n'kuyakanso. Gwedezani pulagi pang'ono ndi zala kamera ili chiyakire. Chithunzi chikaphethira, vuto mwalipeza.

N'chifukwa chiyani usiku wokhawokha?

Kaphokoso kaja kakuti "tcha" ndi kagalasi kamene kamasefa kuwala kosaoneka ndi maso kotchedwa infrared masana, kakuchoka patsogolo pa diso la kamera. Nthawi yomweyo timababu ta infrared tozungulira disolo timayaka kuti kamera izitha kuona mumdima. Timababu timeneti timadya moto kwambiri, nthawi zina kuposa kamera yonse. Kamera imene masana imatunga pang'ono ikhoza kufuna kuwirikiza kawiri kapena katatu kukada. Adaputala ikakhala yochepa mphamvu, mavolti amagwa, kamera imathima. Ikathima timababu tija timathimanso, katundu wachoka, mavolti abwerera, kamera yayamba kuyakanso. Ikamaliza kuyaka imaona kuti kunja kuli mdima, n'kuyatsanso timababu, n'kugwanso. Ndiwo mzungulire umene mumauona usiku wonse.

Makamera a PTZ amachita zofananazo pamene akuyamba kuzungulira, chifukwa timainjini take timatunga kwambiri poyambira. Ena akunja ali ndi kachida kotenthetsa galasi kukazizira, ndipo nako kamawonjezera katundu. Mukaona kuti kamera imathima pa nthawi inayake yokha, dzifunseni kuti n'chiyani chimayaka mkati mwake nthawi imeneyo.

Vutoli limakula kumene makamera angapo akudya pa adaputala imodzi kudzera mu kachingwe kamphanda. Tiyerekeze kuti muli ndi makamera anayi, iliyonse imatunga mpaka 0.7A usiku. Pamodzi ndi 2.8A. Adaputala ya 2A idzawanyamula masana popanda kudandaula, koma kukada onse anayi adzayamba kuthima, kapena yakutali kwambiri ndiyo idzayambe. Ine ndikaphatikiza maampu ndimawonjezerapo gawo limodzi mwa magawo anayi, chifukwa adaputala yogwira ntchito pamalire ake usana ndi usiku imatentha ndipo imakalamba msanga. Apa tafika pa 3.5A, ndiye ndingatenge ya 5A. Njira yachangu yoyesera ndi kuchotsa makamera awiri pa mphandapo madzulo. Awiri otsalawo akagona osathima, mwadziwa kuti adaputala ndi yaing'ono.

Komanso si adaputala iliyonse imene imapereka zimene yalembedwa. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Zilipo zopepuka ngati chibokosi chopanda kanthu, zolembedwa 2A, zimene mukazipatsa katundu weniweni zimagonja zisanafike pamenepo. N'chifukwa chake kuwerenga kokha sikukwanira.

Moto umene umathera m'njira

Pano ndikufuna tikhalepo pang'ono, chifukwa mpamene anthu odziwa ntchito nawonso amapunthwa. Mukhoza kukhala ndi adaputala yabwino, ya 12V 2A, yofanana ndi kamera pa chilichonse, koma kamera n'kumathimabe usiku. Adaputala ili m'nyumba pafupi ndi DVR, kamera ili pageti, ndipo pakati pake pali waya wa mamita 40.

Waya aliyense amadyako moto. Akakhala wautali amadya wambiri, akakhala wowonda amadya wambiri, ndipo kamera ikamatunga kwambiri nayenso amadya kwambiri. Waya wa kopa wa 0.5 mm² amaletsa moto ndi ma ohm pafupifupi 0.035 pa mita iliyonse. Moto umapita ndi kubwerera, choncho mtunda wa mamita 40 ndi waya wa mamita 80, omwe ndi ma ohm 2.8. Mavolti otayika mumawapeza pochulukitsa ma ohm ndi maampu. Masana kamera ikamatunga 0.25A, m'njira mukutayika 0.7V, ku kamera kukufika 11.3V. Zili bwino. Usiku ikamatunga 0.7A, mukutayika pafupifupi 2V, ndipo kukufika 10V. Kumbukirani malire aja: kamera ya ±10% imafuna osachepera 10.8V. Yathima, pamene adaputala m'nyumbamo ikutulutsabe 12V yake yonse mosalakwitsa.

Chimene chimawonjezera ululu n'chakuti makamera ambiri mavolti akatsika amatunga maampu ochulukirapo kuti apezebe mawati awo, ndipo zimenezo zimagwetsanso mavolti.

Palinso waya wachinyengo. Kunja akuoneka kopa, koma ndi aluminiyamu wongokutidwa kopa pamwamba, ndipo pa bokosi nthawi zina amalemba CCA. Ameneyu amaletsa moto kuposa kopa weniweni ndi pafupifupi theka. Pa chitsanzo chathu chija ku kamera kungafike 9V yokha. Kumuzindikira n'kosavuta: sendani kansonga, mupale kawaya kamodzi ndi mpeni. Kukatuluka kuyera ngati siliva pansi pake, si kopa. Amathyokanso msanga mukamupinda kangapo. Tizingwe tokonzeratu tokhala ndi mapulagi mbali zonse, timene timabwera m'bokosi limodzi ndi makamera, nthawi zambiri timakhala ndi mawaya a moto owonda ngati ulusi. Kamodzi kamakwanira mtunda wake, koma mukalumikiza tiwiri kapena titatu kuti mufike patali, mwaitana vuto lomweli.

Mankhwala ake si kugula adaputala ya maampu ochuluka. Ya 10A pa waya yemweyo idzataya mavolti omwewo, chifukwa wakuba si adaputala ayi. Ikani waya wonenepa: wa 1.0 mm² amachepetsa kutayikako ndi theka, ndipo pa mamita 40 aja kungafike 11V. Kapena sunthani adaputala ikhale pafupi ndi kamera, m'kabokosi kosalowa madzi, ngati pali soketi yotetezeka. Anthu ena amakweza mavolti pa bokosi la magetsi lokhala ndi kosinthira, kufika cha m'ma 13V, kuti ku kamera yakutali kuzifika okwanira. Zimagwira, koma ine ndimachita zimenezo mosamala, chifukwa makamera apafupi pa bokosi lomwelo amalandira 13V yonseyo, ndipo masana katundu akachepa yakutaliyonso imalandira pafupifupi yonse. Musapyole malire a kamera iliyonse imene ili pa bokosilo.

Kuyeza komwe kumathetsa mkangano

Maltimita ya wamba, chida choyezera magetsi, ikukwanira. Waya wakuda ulowe pa bowo lolembedwa COM, wofiira pa bowo lolembedwa V. Onetsetsani kuti wofiirayo sali pa bowo la 10A, chifukwa mukakhudzitsa nsonga zake pa adaputala ali pamenepo mwachita shoti. Tembenuzani kosankhira kafike pa V wokhala ndi mzere wowongoka, pa 20 ngati maltimita yanu ili ndi manambala.

Yambani ndi adaputala payokha. Nsonga yofiira ilowe mkati mwa pulagi, yakuda igunde chitsulo chakunja. Yabwino ya 12V imaonetsa 12 kapena kupitirira pang'ono, monga 12.2. Kutsogolo kwa nambala kukabwera chizindikiro cha −, ndiye kuti + ili kunja, musailowetse pa kamera. Ikaonetsa 16V kapena 17V pamene yalembedwa 12V, ndi ya mtundu wakale, yolemera, ya thiransifoma yopanda chowongolera mavolti. Zoterezi zimatsika kufika pa 12V pokhapokha zitasenza katundu wake wonse. Kamera musaipatse imeneyo.

Kuyeza kumeneku kumangokuuzani kuti adaputala si yoopsa. Sikukuuzani kuti ndi yokwanira. Adaputala yotopa imaonetsa 12V yokongola ikakhala yopanda katundu, ndiponso kumapeto kwa waya wautali mupeza 12V yonse ngati kamera mwaichotsa, popeza palibe chikutunga. Ambiri amayeza chonchi, n'kunena kuti moto uli bwino, n'kutsika pa makwerero.

Kuyeza kwenikweni kumachitikira ku kamerako, kamera ili yolumikizidwa, timababu tausiku titayaka. Ikani kachingwe kamphanda pakati pa waya ndi kamera kuti nthambi imodzi idyetse kamera, ina mulowetsemo nsonga za maltimita. Ngati malumikizidwe ake ndi a timasikuluwu tiwiri tobiriwira, khudzitsani nsongazo pa timasikuluwu pomwepo. Simukufunika kudikira usiku. Pakati pa timababu ta makamera ambiri pali kadiso kakang'ono komva kuwala. Katsekeni ndi chala kapena tepi yakuda. Ngati kamera yanu ilibe kadisoko, phimbani kutsogolo konse ndi nsalu yakuda, kapena ikakamizeni kulowa mu zausiku kudzera m'masetingi ake. Dikirani masekondi angapo mpaka mumve "tcha" uja, maso anu ali pa maltimita. Kuona maso a nkhono n'kudekha: nambala imene mukuifuna imaoneka kanthawi kochepa kamera isanathime. Ndaonapo 11.6 ikutsika kufika 9.4 m'kuphethira kwa diso, kamera n'kuthima, nambala n'kudumphira pa 12.1. Mwini wake, amene anali atasintha kale makamera awiri, sanafunenso kufotokozeredwa.

Mukaona mavolti akugwa, chatsala n'kudziwa wolakwa. Bwerezani kuyeza komweko, koma tsopano pafupi ndi adaputala, kamera ili chiyakire mu zausiku. Ngati pamenepo pali 12V koma ku kamera 10V, vuto ndi waya kapena malumikizidwe ake. Ngati pa adaputala pomwepo mavolti akugwa, adaputala ndi yaing'ono kapena yatha. Mulibe maltimita? Tsitsani kamera, muilumikize ndi adaputala yodziwika kuti ndi yabwino popanda waya wautali, muiike m'chipinda chamdima. Ikagwira osathima, kamera ilibe mlandu.

Muli pa makwerero pomwepo, masulani malumikizidwe akunja muwaone. Madzi akalowa mu pulagi, chitsulo chimachita dzimbiri lobiriwira kapena loyera, ndipo dzimbiri limenelo limadya mavolti ngati waya wa mamita ambiri. Dulani, muike pulagi yatsopano, muitsekere m'kabokosi.

Adaputala yokalamba imadziulula m'njira zinanso. Pa makamera a analogi, amene sadzera pa netiweki, mumaona mizere yopingasa ikuyenda pang'onopang'ono pa chithunzi, ngakhale kuti mizere imeneyi imabweranso pamene kamera ndi DVR zikudya pa masoketi otalikirana. Adaputala ina imalira kamluzu kakang'ono, ina imatentha moti simungaigwire nthawi yaitali, ina imafufuma. Iliyonse yotere isintheni. Musaitsegule kuti muikonze: mkati mwake muli kapasita imene pa magetsi a 230V imasunga mavolti oposa 300, ndipo ikhoza kuwasungabe mutaizula kale pa soketi.

Makamera a PoE

Awa amalandira moto ndi intaneti pa chingwe chimodzi cha netiweki, ndipo funso la kugwirizana limasintha nkhope. Muyezo wa IEEE 802.3af wa mu 2003 umatulutsa mawati 15.4 pa bowo lililonse la swichi, bokosi limene zingwe za netiweki zimalowamo, ndipo otsimikizika kufika ku kamera ndi 12.95. Wa 802.3at wa mu 2009, umene umatchedwanso PoE+, umatulutsa 30 ndipo amafika 25.5. Wa 802.3bt wa mu 2018 umafika 60 kapena 90 potuluka. Kamera ya PTZ yofuna mawati 20 mukaiika pa swichi ya af, ikhoza kuyaka, n'kumathima ikangoyamba kuzungulira kapena kuyatsa timababu, kapena osayaka n'komwe.

Onaninso mawati a swichi yonse pamodzi. Swichi ya mabowo asanu ndi atatu ikhoza kulembedwa kuti bowo lililonse limapereka 30W, koma yonse pamodzi n'kukhala ndi 60W yokha. Masana zonse zimayenda, usiku makamera onse akayatsa timababu swichi imadula ena. Ndi matenda omwe aja atavala malaya ena.

Choopsa kwambiri ndi PoE yotchedwa passive. PoE ya muyezo imayamba yafufuza kaye ngati chida chili kumapetoko ndi cha PoE, kenako n'kutumiza moto wa pakati pa 44V ndi 57V. Ya passive sifunsa, imangotumiza, kaya 24V kaya 48V. Kabokosi ka 24V passive, kofala pa zida zina za Wi-Fi zapamtunda, sikayatsa kamera ya af. Ka 48V passive kakhoza kuwotcha chida chosayembekezera moto pa chingwe. Ngati pa kabokosipo sipanalembedwe 802.3af kapena 802.3at, musangoganiza kuti ndi ka muyezo. Ndipo chingwe chisapitirire mamita 100, chikhale cha kopa weniweni.

USB, mabatire ndi makamera ojambulira zithunzi

Timakamera ta 5V tilibe malo ambiri opumira. Kutaya theka la volti pa 5V ndi kutaya gawo limodzi mwa magawo khumi, ndiye chingwe cha USB chachitali ndi chowonda chimatigwetsa msanga. Bowo la USB 2.0 la pa kompyuta limalonjeza 0.5A yokha, la USB 3.0 limalonjeza 0.9A. Kakamera kofuna 2A mukakalumikiza kumsana kwa TV kapena kwa rauta, musadabwe kakamachoka pa Wi-Fi kapena kuwononga zimene kalemba pa memore khadi. Yesani ndi chingwe chake chachifupi ndi tchaja yokwanira musanaimbe mlandu netiweki.

Amene mukudyetsa makamera kuchokera pa batire la 12V la galimoto kapena la sola, dziwani kuti 12V imeneyo ndi dzina chabe. Batire lodzadza likapuma limakhala cha m'ma 12.6V, likamatchajidwa limafika cha m'ma 14.4V, ndipo likamatha limatsika pansi pa 12V. Kamera ya ±25% imapirira zonsezo, koma ya ±10% malire ake ndi 13.2V. Pakati pa batire ndi kamera yotere ikanipo kachida kowongolera mavolti kuti azikhala 12V nthawi zonse, ndi fyuzi pafupi ndi batire.

Makamera ojambulira zithunzi ndi mavidiyo ali ndi nkhani yawoyawo. Mabatire monga LP-E6 ya Canon kapena NP-FW50 ndi NP-FZ100 a Sony ndi a 7.2V, ndipo akadzadza amafika 8.4V. Mukafuna kujambula nthawi yaitali mumalowetsa batire lachiphamaso lokhala ndi chingwe chopita ku adaputala. Ena mwa mabatire amenewa ali ndi chotsitsira mavolti mkati, ena amangodutsitsa zimene mwawapatsa. Loterolo mukalipatsa 12V chifukwa pulagi yalowa, moto wonsewo umakafika mu kamera. Werengani Input ya batire lachiphamasolo palokha, osati ya kamera yokha.

Ena amadya pa USB n'kukweza 5V kufika cha m'ma 8V. Kamera imayaka, menyu ikuoneka, koma mukangodina kuti mujambule, makamaka zithunzi zotsatizana kapena vidiyo ya 4K, imathima. Kuti ku kamera kufike 8V 2A, omwe ndi mawati 16, mbali ya 5V iyenera kupereka maampu oposa 3, ndipo mapawabanki ambiri pa bowo lawamba safika pamenepo. Apa mpofunika gwero la USB PD, limene limagwirizana ndi chida n'kupereka 9V, 15V kapena 20V. Pa tchaja kapena pawabanki yotere, onani mndandanda wa Output mzere ndi mzere. Ngati kamera kapena batire lachiphamaso likufuna 9V 3A, mzere wa 9V uyenera kukhalapo ndipo maampu ake afike 3. Nambala yaikulu ya mawati yolembedwa kutsogolo kwa bokosi nthawi zambiri ndi ya mzere wa 20V, umene kamera yanu sidzaupempha.